Mkaka Wachikasu ndi Khoma la Apongozi

Ana anga, poti tsopano ndinapuma pa ntchito ndipo masana ndimangokhala pakhonde pano ku Balaka kuingitsa nkhuku, amayi anu andiuza kuti m'malo mowatopetsa ndi nkhani zomwezomwezo, ndizilembe kuti mudzawerenge nokha. Za ubwana wanga ndilibe zambiri zonena. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8 ya kumudzi, ndipo ndinali mwana wamanyazi moti aphunzitsi akandiloza ndinkaiwala ngakhale yankho limene ndaliloweza m'mawa womwewo. Ndiyambira pamene ndinalembedwa ntchito.

Rivirivi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena ka zipinda zochepa kumbali ya Rivirivi. Anandilemba ngati wothandiza: kusesa, kutunga madzi, kuwiritsa zipangizo ndi kutsuka mabala. Anthu a m'midzi yozungulira ankanditchula kuti adokotala aang'ono. Ndinkadziwa kuti si zoona, koma kutsutsa munthu wamkulu pamaso kunkandivuta, ndiye ndinkangoyang'ana pansi n'kuvomera moni. Bwana wanga anali a Mhango, munthu wa kumpoto, wamtali, wa mawu aakulu moti akamafunsa wodwala za m'mimba mwake anthu onse a pamzere ankamva. Ndiwo ankaona odwala ndi kulemba mankhwala. Ndinkawaopa, komanso ndinkafunitsitsa kuti tsiku lina adzandiyamikire. Akati sesa, ndinkasesa mpaka kunja kwa mpanda.

Ndili mlendo pa ntchitoyo kunabwera bambo wina, mlimi wa thonje, atadzitema ndi khasu pamwendo masiku angapo m'mbuyomo. Ndinayamba kupukuta balalo mwamphamvu, kufuna kuti bwana akabwera alipeze likuwala ngati mbale. Bamboyo anakukuta mano, anapirira, kenako zinamukanika.

“Adokotala aang'ono, ndakulakwirani chiyani? Mukundisendatu ngati chinangwa!”

A Mhango anatulukira kapu ya tiyi ili m'manja. “Yusufu, ukukwecha mphika kapena ukutsuka munthu?”

Anakhala pansi, n'kuika mwendo wa bamboyo pa kampando. “Taona apa. Pafiira, patentha, patupa. Iwe ukuganiza kuti zonsezi ndi matenda? Yayi. Limeneli ndi thupi likuthamangitsira magazi kuno kuti abweretse asilikali ake. Asilikali amenewa safunsa dzina la mdani. Chilichonse chachilendo cholowa pabala amachizinga n'kuchimeza. Mafinya ukuchita nawo tsinyawo ndi mitembo ya kunkhondo, yawo ndi ya adani awo. Chotsa dothi, chotsa mafinya, koma kamnofu kofiira kakumera pansika usakakwechenso. Ndi iwo akumanga nyumba.”

“Mwamva, adokotala aang'ono?” anatero mwini mwendo. “Muli asilikali mmenemu. Muzipempha kaye odi.”

A Mhango sanali munthu wokhazika wina pansi kuti amuphunzitse. Ankaphunzitsa akuyenda, akutafuna mtedza, nthawi zina akukalipa. Ndikayetsemula ndi fumbi la tsache n'kupepesa, ankati, “Ukupepesa chiyani? Mphuno yagwira wakuba n'kumuponya kunja.” Mayi wina atabwera ndi mwana amene ankamutokosa m'khutu ndi kamtengo ka machesi tsiku ndi tsiku, anamufunsa ngati kwawo amagumula mpanda kuti pabwalo pazioneka bwino, poti phula la m'khutu limakola fumbi ndi tizilombo tisanafike mkati. Kwa iwo ndinamva kuti misozi simangonyowetsa diso, ili ndi mphamvu yake yopha tizilombo, ndipo malovu chimodzimodzi. Ndinamva kuti m'mimba muli madzi owawasa amene amapsereza zambiri zimene timameza ndi chakudya, ndi kuti mwanabele wotupa m'mphechepeche munthu akakhala ndi chilonda kuphazi ndi malo amene asilikali aja asonkhana kutseka njira. Koma chachikulu pa zonse, ankatero, ndi khungu. “Munthu wa khungu lathunthu ali m'nyumba yotseka. Ntchito yako ndi yanga imayamba pamene chitseko chathyoka.”

Zimenezi zinatithandiza kwambiri pa nthawi ya kusowa. Panali miyezi imene jivi, mankhwala opaka pabala aja, ankatha, mabandeji n'kutha, galimoto yobweretsa katundu osaoneka. Ndinkachapa mabandeji akale, kuwawiritsa, kuwayanika padzuwa. Mabala tinkatsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono. Anthu ankanyinyirika, poti kwa iwo chipatala chinali jakisoni. Gogo wina anandiuza maso ali gwa kuti mchere ali nawo kunyumba, sanayendere ulendo wonsewo kudzathiridwa ngati ndiwo. A Mhango ndiwo anamuseketsa mpaka anavomera, ndipo chilonda chake chinapola. Titatsala awiri anandiuza kuti, “Chitetezo cha m'thupi chili pawiri. China thupi limachita kuphunzira likakumana ndi matenda kapena likalandira katemera. China munthu amabadwa nacho, ndipo ndicho chimayamba kufika pa ngozi. Koma usadzanamize anthu kuti sichigonja. Ukaona kufiira kukukwera mwendo, bala likununkha, thupi latentha osatsika, usadikire. Ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu, ngakhale pa ngolo.” Anandiyamikira kamodzi kokha pa zaka zonsezo, tsiku limene ndinkasamuka. Anati, “Manja ako aphunzira ulemu.” Ndinayenda nawo mawu amenewo mpaka pokwerera basi.

Ulongwe, pakati pa zaka zomwezo

Ku Ulongwe moyo unali wothamanga. Chipatala chimene ananditumizako chinali kufupi ndi msewu, ndipo tsiku la msika tinkalandira a njinga ogwa ndi matumba a chimanga, ana opsa ndi phala, ndi amayi apakati ochokera m'midzi yakutali. Amene ankandilamula kwambiri kumeneko anali mayi Kachingwe, namwino komanso mzamba, munthu wamfupi, wachangu, wosafuna kuona chikhadabo chakuda. Anandipatsa dzina loti Che Manyazi, ndipo linandikakamira mpaka anthu a pamsika ankandiitana lomwelo. Sopo akachepa ankamudula tizidutswa n'kumasunga m'thumba la diresi lawo, ndipo asanandilole kugwira chilichonse ankati, “Che Manyazi, manja.” Ndinkawatambasula ngati mwana wa sukulu.

M'chipinda chochirira amayi sindinkalowa. Malo anga anali pakhomo, ndi ndowa ya madzi otentha. Koma chitseko chinali cha matabwa otalikirana, ndipo mayi Kachingwe sankadziwa kunong'ona. Ndinkawamva akulimbana ndi azigogo operekeza, amene ankafuna kusambitsa khanda nthawi yomweyo, kulipaka zinthu pamchombo, ndi kufinyira pansi mkaka woyamba uja wachikasu. Kumudzi kwathu nakonso ankatero, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti mkaka umenewo ndi woipa. Tsiku lina ndinalimba mtima, ndikuwathandiza kupinda nsalu, n'kuwafunsa.

Anandiyang'ana modabwa. “Lero Che Manyazi afunsa funso? Kugwa mvula.” Kenako anafatsa. “Mwana amabadwa ndi chitetezo chake, koma n'chanthete ngati mwini wakeyo. Mafuta oyera amene amatuluka nawo pakhungu si litsiro. Amasunga khungu kuti lisang'ambike, amatchinga tizilombo, amathandizanso kuti asazizidwe. Kungomupukuta pang'ono basi, kusamba kudikire. Mchombo ndi khomo losatseka, chimene wapakapo chimalowa. Tsono mkaka wachikasuwo, kwanu mumamata nkhokwe ndi dothi?”

“Timamata, mayi.”

“Chifukwa?”

“Kuti anankafumbwe asalowe.”

“Basi. Mkaka umenewo umamata m'matumbo mwa mwana. Ndi wochepa, koma muli asilikali a mayi ake amene akubwera kudzathandiza a mwanayo asanakhwime. Kuutaya n'kumupatsa madzi a pachitsime ndiko kutsegulira anankafumbwe. Ukadzakwatira, ngati alipo mkazi amene adzamve zimene ukunong'onazo, udzakumbukire.”

Ndinaseka nawo, osadziwa kuti mawuwo adzandilemera.

Kwa Mposa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Mkazi womva kunong'ona anapezeka kwa Mposa, kumene anandisamutsira pambuyo pake. Amayi anu, Asiyatu, anabwera ndi chala chotupa atabayidwa ndi munga wa nsomba, ndipo chalacho chitapola anapitiriza kudutsa pachipatala popita kotunga madzi ngakhale njira yake sinali imeneyo. Ukwati wathu unamangidwa kumzikiti, ndipo ndinakhala mkamwini m'mudzi mwawo, kutsidya kwa dambo lalikulu la mpunga.

Inu amene mwakulira m'tauni simudziwa bwino kuti mkamwini anali ndani. Nyumba unkamanga wekha, munda unkalima wekha, koma dothi linali la akazi ako, ana anali a mbumba ya akazi ako, ndipo ukalakwa ankangokuuza kuti tenga bulangete lako. Apongozi aakazi sunkayang'anizana nawo, sunkadya nawo, sunkayankhula nawo mwachindunji. Mukakumana panjira, mkamwini ankapatuka. Ine ndinkapatuka mopitirira muyezo. Tsiku lina nditaona agogo anu, Abiti Daudi, akubwera ndi mtolo wa mpunga pamutu, ndinalumphira m'tchire momwe munali chitedze, ndipo ndinafika kuntchito ndikudzikanda ngati nyani. Nkhaniyo inawapeza, ndipo akuti anaseka mpaka kutula mtolo.

Anali mayi wolimba, wamasiye, wolima mpunga wambiri kuposa amuna ena a m'mudzimo. Ankandikonda, ndipo ndinkadziwa ngakhale sitinkayankhulana. Nsomba yonona inkabwera kwathu ndi mwana wawo wamkulu, alamu anga a Mariamu, ndipo kuchitsime ankanyadira kuti mkamwini wawo ndi dokotala koma aulemu ngati mwana wa shehe. Dzina limeneli ndinkalisamala kuposa malaya anga a ntchito.

Iwe Patuma unabwera m'dzinja, masiku asanakwane. Mvula inali itagwa mosalekeza, dambo linasefukira, ndipo ine ndinali nditagona kuchipatala chifukwa chosowa powolokera. Pa nthawiyo pamalopo panalibe mzamba, poti amene analipo anasamutsidwa ndipo wolowa m'malo anali asanabwere. Bwana wanga wa pachipatalapo anali atapita kuboma kukatenga mankhwala, madzi n'kumutsekera komweko. M'mawa ndikutsegula mawindo ndinamva munthu akukuwa kutsidya kwa madzi. Anali a Mariamu.

Ndinasiya njinga, ndinavula nsapato n'kuwoloka madzi ofika m'chifuwa. “Alamu, mwakhala bambo,” anatero, “koma kamwanako n'kochepa ngati botolo. Kakupuma, kakulira pang'ono.” Tikuyenda ndinawafunsa zimene zikuchitika m'nyumbamo, ndipo anandifotokozera mosabisa, poti kwa iwo zinali zabwino zokhazokha. Amayi awo anali atatuma munthu kukafuna mankhwala osambitsira mwana masana omwewo. Anali atakanda mwaye wa kudenga la khitchini woti asakanize ndi mafuta apake pamchombo. Mkaka wachikasu anali atayamba kale kuufinyira pansi, ndipo mwana azimudonthezera madzi a shuga mpaka mkaka woyera utabwera.

Kumunyamula mwana wotere kuwoloka naye madzi amene ndinali nditangowolokawo sikukanatheka. Zonse zimene zikanamuteteza masiku amenewo zinali m'nyumba momwemo, pakhungu pake ndi m'mawere a mayi ake, ndipo zinali pafupi kutayidwa ndi munthu amene ankamukonda kwambiri. Ine mwamuna sindinkaloledwa kulowa m'chikuta, nyumba imene mayi ndi khanda amabindikiramo mpaka mchombo utagwa.

Ndinayamba ndi njira yoyenera. Ndinapita kwa amjomba awo a amayi anu, Che Ndembo, mwini mbumba, amene ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu.

“Che Yusufu, ine mlongo wanga ndimamudziwa. Nkhani ya malire a munda ndingamuuze. Nkhani ya m'chikuta, iyayi. Mukufuna andithire madzi a mpunga? Ana onse a m'mudzi muno anabadwira m'manja mwake. Khalani pansi, Mulungu ndi amene amasunga.”

Ndinakhaladi pansi, koma osakhalitsa. Ndinaganiza za dzina langa labwino, za nyumba imene ndinaimanga, za amayi anu amene ndikanawasiya ndikanathamangitsidwa. Ndinaganizanso za kamwana kamene ndinali ndisanakaone. Moyo wanga wonse ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu. Ndinadzuka, ndinazungulira kuseri kwa chikuta, n'kukhala pansi m'matope nditatsamira khoma, nkhope nditalozetsa kumunda. Pamwamba pa mutu wanga panali kawindo kotseka ndi chiguduli.

“Odi, amayi.”

Kenako ndinamva mawu a apongozi. “Mariamu, ndani akuodira kuseri ngati wogula nkhuku yakuba?”

“Ndi alamu, amayi.”

“Afunse ngati asokera njira. Kwawo ndi uko.”

Umu ndi mmene tinayankhulirana. Iwo ankauza a Mariamu, ine n'kumauza a Mariamu, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino ndipo a Mariamuwo sankabwereza kanthu. Ndinati ndapempha chikhululukiro chifukwa cha mwano wobwera pamalo osayenera. Ndinati mwanayu ndi wochepa, khungu lake n'lopyapyala, madzi amuziziritsa, ndipo mafuta oyerawo asachotsedwe. Ndinati pamchombo pasapakidwe kanthu.

“Mariamu, uwauze kuti kusamba kungadikire, kunja kukuzizira kale, sindine chitsiru. Za mwaye, ngati akuopa kuti mwana wawo ada, tisiya. Apite tsopano.”

“Alamu, muwauze kuti patsala za mkaka.”

“Za mkaka iyayi.”

Apa ndinalakwitsa. Pofuna chitsanzo choti amve, ndinati ngakhale mwana wa mbuzi akangobadwa amayamwa mkaka woyamba womwewo ndipo amadzuka n'kuyenda.

“Mariamu! Wamva? Mdzukulu wanga wasanduka mbuzi! Mwana wanga ndiye mbuzi yaikazi, ine ndiye chiyani? Awa ndi aulemu aja ndimawatama kuchitsime?”

Ndinalakalaka dothi litandimeza. Ndinapepesa kawiri, katatu. Kenako mawu awo anasintha, anatsika.

“Uwauze kuti ine ndinaika m'manda ana awiri aamuna mchombo usanagwe. Onsewo anayamwa mkaka umenewo, chifukwa ndinali mwana, amayi anga anali atamwalira, panalibe wondiletsa. Amene ndinawafinyira mkakawo pansi ndi awa ali moyowa. Mkaka wakhala m'bere miyezi yonseyi, wachita chikasu, ndiye ndiupereke kwa kamwana kosakwana masiku? Adokotalawo anene, ana anga anafa ndi chiyani?”

Zimenezi sindinkazidziwa. Amayi anu anali asanandiuzepo. Mvula inkandidonthera kuchokera kudenga.

“Alamu, muwauze kuti sindikudziwa chimene chinatenga ana awo. Ndikanena kuti ndikudziwa ndinama. Makanda amafa ndi zinthu zambiri, ndipo ine sindine dokotala, ndine wotsuka mabala. Koma ndakhala pakhomo la chipinda chochirira zaka zingapo, ndaona makanda ang'onoang'ono akuyamwa mkaka umenewu n'kupita kwawo ali moyo. Amene anandiphunzitsa anati si wovunda, ndi umene umamata m'mimba mwa mwana kuti matenda asalowe. Madzi a pachitsime chathu mwawaona mmene adera ndi mvulayi. Ndikuopa madziwo kuposa mkakawo.”

Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

“Mwanayu akapita atayamwa, mlandu ukhale wanga. Mudzauze mudzi wonse kuti anamupha ndi bambo ake. Bulangete ndidzatenga ndekha, simudzachita kundiuza.”

Chiguduli cha pawindo chinasunthidwa. Sindinatembenuke. Mawu anamveka pamwamba penipeni pa mutu wanga, ndipo kanali koyamba chikwatirire kuti apongozi ayankhule ndi ine popanda wapakati.

“Che Yusufu, mukudziwa chimene mwanena?”

“Ndikudziwa, amayi.”

“Mawu amenewa sabwezedwa.”

“Ndamva, amayi.”

Ndiye kunamveka mawu ena, ofooka, amene ndinali ndisanawamve tsiku lonselo. Anali amayi anu. “Amayi, ndipatseni mwanayo.”

Sindinaone chimene chinachitika. Ndinangomva mphasa ikulira, kamwana kakudandaula ngati kamphaka, kenako bata. Patapita nthawi a Mariamu anati chapansipansi, “Alamu, kagwira bere.” Chiguduli chinabwezedwa pamalo pake mwamphamvu.

Masiku otsatirawo anali aatali. M'mawa ndinkawoloka kupita kuntchito, chakumasana n'kubwerera kudzakhala pakhoma pomwe paja. Unkayamwa pang'ono n'kugona, ndipo mkaka unkatuluka timadontho. Apongozi anasiyanso kundiyankhula, anabwerera kwa a Mariamu. “Uwauze kuti mwana wawo akugona ndi njala.” Ine ndinkapempha kuti azikudzutsa pafupipafupi, ukatopa kuyamwa akufinyire timadonthoto pa supuni yowiritsa, ndi kuti ukhale pachifuwa pa amayi ako, khungu kukhudza khungu, nsalu pamwamba. Ndinkafunsa ngati thupi latentha kapena lazizira, ngati pamchombo pafiira, ngati ukukodza. Ndinali nditauza Che Ndembo kuti chimodzi mwa zimenezi chikalakwika tidzafuna bwato, zivute zitani. Chakudya chinkandikanika. Nsomba yonona sinabwerenso kwathu.

Pakhomapo ndinaphunziranso kanthu. Achibale ankabwera kudzaona mwana, ena akutsokomola, ena manja ali matope a kumunda, ndipo agogo anu ankawabweza onse pakhomo mosanyengerera. Ngakhale mkazi wa Che Ndembo anabwezedwa. Ankati mwambo sulola, mwana wa m'chikuta sagwidwagwidwa. Ndinaganiza kuti mayi Kachingwe akanakhalapo akanawagwira chanza. Chikuta chimene chinkanditsekera ine kunja chinkatsekeranso kunja chifuwa ndi chimfine cha mudzi wonse.

Mkaka woyera unabwera, ndipo kulira kwako kunayamba kumveka mpaka kwa Che Ndembo. Mchombo unauma n'kugwa wokha, osanunkha. Madzi atatsika tinakutengera kuchipatala chachikulu, amayi ako atakubisa m'chifuwa, agogo ako patsogolo, ine m'mbuyo patali monga mwa ulemu. Anamwino anakuyeza, anati ndiwe wochepa koma wamphamvu, tipitirize zomwe tikuchita. Sindinganene kuti unapulumuka chifukwa cha mkaka wokha, kapena chifukwa cha kukhwimitsa kwa agogo ako pakhomo. Pa ntchito yanga ndaona ana osamalidwa bwino akupita, ndipo ndikudziwa kuti zikanatha kutero ndi iwe. Alhamdulillah, sizinatero. Mankhwala osambitsira a agogo ako aja anakusambitsa nawo ndithu pa tsiku lotuluka m'chikuta, m'madzi ofunda, ndipo ine sindinatsegule pakamwa.

Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Koma tsiku lotsatira Che Ndembo anandiitanitsa. Ndinawapeza atakhala pampando, apongozi ali pamphasa chapatali atandifulatira, amayi anu ndi a Mariamu ali pambali akubisa nkhope m'zitenje. Ndinkadziwa kuti mkamwini saitanidwa chonchi kuti adzamwe thobwa.

“Che Yusufu,” anatero Che Ndembo akuyesetsa kuuma nkhope, “mwana ali moyo, bulangete lanu likhale pomwe lili. Koma mlongo wanga akuti mlandu wa pakamwa ulipo. Munayankhula pakhoma la chikuta, ndiponso munatchula mbumba yanga kuti mbuzi. Mulipira nkhuku.”

Ndinathamanga kunyumba n'kugwira tambala wamkulu kuposa onse amene ndinali nawo. Ndinamupereka ndi manja awiri kwa Che Ndembo, iwo n'kupatsira mlongo wawo. Agogo anu anamunyamula, anamuyeza kulemera, anamupapasa pachifuwa. Kenako anatembenuka ndi mphasa yomwe, n'kundiyang'ana m'maso anthu onse akuona.

“Woonda ngati mwini wake,” anatero. “Mariamu, kamuphe, Asiyatu amwe msuzi mkaka uchuluke. Inu Che Yusufu, kasambeni m'manja mudzanyamule mwana wanu. Mwakhalitsa kuseri.”